Kodi nyimbo za mpingo wa Chikoputiki zinachokeradi kwa Afarao?

MphunzitsiWaKwaya
Abale ndi alongo pa gulu lino, ndabwera ndi funso limene landikanika kuyankha pandekha. Pa YouTube pali nyimbo ya Akhristu a ku Egypt, a mpingo wa Coptic Orthodox, yotchedwa Golgotha, imene amayimba madzulo a Lachisanu Loyera pokumbukira kuikidwa m'manda kwa Ambuye. Pansi pa makanema ambiri a nyimboyi palembedwa kuti chuni chake ndi chomwe ansembe akale ankayimba poumitsa mitembo ya Afarao ndi poika maliro awo, ndipo kuti Akhristu anangosintha mawu okha. Ine ndimaphunzitsa kwaya, ndipo ndikudziwa mmene nyimbo imasinthira ikangodutsa m'kamwa mwa mibadwo iwiri yokha, choncho zikundivuta kukhulupirira kuti chuni chingathe zaka 3000 chili chomwecho. Komabe nyimboyo sifanana ndi china chilichonse chimene ndinamvapo m'tchalitchi. Amene mukuidziwa mbiri ya mpingowu tithandizeni, nyimbo zimenezi zinachokera kuti, nanga anazisunga bwanji?

Nile_ndi_Shire
Aphunzitsi, ine sindikuona chifukwa chokayikira. Chikoputiki, chilankhulo chimene nyimbozi zimayimbidwa, ndi Chiejipito chenicheni cha Afarao pa msinkhu wake wotsiriza, cholembedwa ndi zilembo za Chigiriki kuphatikizapo zilembo zochepa zotengedwa ku kalembedwe kakale ka Demotic. Champollion mwiniwake, amene anamasulira zolemba za Afarao mu 1822, anathandizidwa kwambiri ndi Chikoputiki chimene anaphunzira. Kalendala ya mpingowu nayonso ndi ya makolo awo: miyezi 12 ya masiku 30 ndi kamwezi kakang'ono ka masiku 5 kapena 6, ndipo mayina a miyezi monga Thout ndi Hathor akadali a milungu yakale ya ku Egypt. Ngakhale m'Misa amapempherera madzi a Nile pa nyengo yake, mbewu pa nyengo yake, mphepo ndi zipatso pa nyengo yake, zomwe zikutsata nyengo zitatu za alimi akale a m'chigwa cha Nile. Anthu amene anasunga chilankhulo, miyezi ndi nyengo, angalephere bwanji kusunga nyimbo? Uwu ndi mpingo wa ku Africa umene unalipo Azungu ambiri asanamve Uthenga Wabwino, ndipo tiyenera kuunyadira.

Mkulu_wa_Mpingo
Ngati zimenezi ndi zoona, ndiye kuti ine zikundidetsa nkhawa m'malo mondinyaditsa. Nyimbo imene ankayimbira Osiris, mulungu wa akufa wa Aejipito akale, ingalowe bwanji pa maliro a Khristu?

Chitsime_cha_Mbiri
Ndisanayankhe nkhawa ya akuluakulu a mpingo, ndiyambe ndasiyanitsa zimene zili ndi umboni ndi zimene anthu amangokhulupirira. Zonse zimene a Nile_ndi_Shire anena zokhudza chilankhulo ndi kalendala ndi zoona, chifukwa zinalembedwa pa miyala ndi pa gumbwa ndipo aliyense angathe kuzitsatira kuchokera ku nthawi ya Afarao mpaka lero. Chuni sichinalembedwe chotero. Aejipito akale anatisiyira zithunzi za oyimba azeze, a zitoliro ndi a maseche m'manda awo, anatisiyiranso mawu a nyimbo zawo, koma sanatisiyire manotsi amene munthu angawerenge n'kuyimba. Ndiye kuti palibe chuni cha maliro a Farao chimene tingachiike pambali pa Golgotha n'kunena kuti zikufanana.

Amene amakhulupirira kuti pali chibale amatsamira pa zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoyenera kuziganizira. Choyamba ndi buku lakale la Chigiriki lokhudza luso la kulankhula, limene limatchedwa ndi dzina la Demetrius, lomwe limanena kuti ansembe a ku Egypt potamanda milungu yawo ankayimba malembo a liwu 7 motsatizana. Akoputiki lero amatha kutenga lembo la liwu limodzi n'kuliyimba kwa mphindi zingapo osapita ku phatikizo lotsatira, ndipo kufanana kumeneku n'kochititsa chidwi. Chachiwiri ndi zithunzi za m'manda zosonyeza woyimba atagwira khutu ndi dzanja limodzi pamene dzanja lina likupereka zizindikiro kwa oyimba zida. Katswiri wa ku Germany, Hans Hickmann, amene anakhala zaka zambiri ku Cairo, anayerekeza zithunzizi ndi mmene aphunzitsi a nyimbo a Chikoputiki amayendetsera manja pophunzitsa. Izi zikusonyeza kuti kachitidwe kena kakale kanatsalira mwa anthu, koma sizikutiuza kuti chuni chakutichakuti chinachokera ku kachisi wakutiwakuti.

Nyimbo yachikhristu yakale kwambiri imene inapezeka ndi mawu pamodzi ndi manotsi ake inachokeradi ku Egypt, m'mabwinja a Oxyrhynchus, ndipo inasindikizidwa mu 1922. Inalembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 200, ndi yotamanda Utatu Woyera, koma mawu ake ndi a Chigiriki, manotsi ake ndi a Chigiriki, ndipo siili m'gulu la nyimbo zimene Akoputiki amayimba masiku ano.

Nile_ndi_Shire
Kusowa kwa pepala si umboni wakuti chinthu sichinachitike. Ku Africa kuno zambiri zimasungidwa pakamwa, ndipo amene amafuna zolembedwa zokhazokha ndi omwe akhala akunena kuti tilibe mbiri.

Chitsime_cha_Mbiri
Achimwene, ine sindikupeputsa zosungidwa pakamwa, ndipo ndikuona kuti ulemerero weniweni wa nyimbozi uli pamenepo. Chimene ndikukana ndi kupatsa Afarao zonse, pamene Alexandria, kumene mpingowu umati unayambitsidwa ndi Marko Mlaliki, unali mzinda wa mitundu itatu. Munali Agiriki, munali Aejipito, munalinso Ayuda ochuluka kwambiri, moti Chipangano Chakale chinamasuliridwa m'Chigiriki mumzinda womwewo. Akhristu oyamba a kumeneko ankayimba Masalimo monga anawalandirira ku sunagoge. Philo, Myuda wa ku Alexandria wa m'nthawi ya Atumwi, analemba za gulu lina la anthu odzipatula pafupi ndi nyanja ya Mareotis, amene ankachezera usiku wonse akuyimba m'magulu awiri molandizana, amuna ndi akazi, pokumbukira Mose ndi Miriyamu pa Nyanja Yofiira. Mukaona kuti mapemphero a pakati pa usiku a Akoputiki amayamba matamando ake ndi nyimbo ya Mose ya pa Eksodo 15, ndipo amayimbidwa ndi magulu awiri molandizana, muona kuti muzu wa Chiyuda uli pafupi kuposa wa Afarao.

Chigiriki nacho sichinachoke. Mawu ambiri amene dikoni amalengeza m'Misa, Kyrie eleison, Agios, ndiponso moni wa Pasaka, zonsezi zimayimbidwa m'Chigiriki mpaka lero, ngakhale mpingowu unapatukana ndi mpingo wa Chigiriki wa ku Constantinople pambuyo pa msonkhano wa Chalcedon mu 451. Palinso umboni wina umene umavuta kwa onse amene amati mayimbidwe ataliataliwa analipo kuyambira pachiyambi. Augustine analemba kuti anauzidwa zoti Athanasius, episkopi wa Alexandria, ankauza wowerenga Salimo kuti asinthe mawu pang'ono chabe, moti zinkamveka ngati kulankhula kusiyana ndi kuyimba. Amonke a m'chipululu, ana a Antony ndi Pachomius ndi Macarius, nawonso ankakonda kunena Masalimo mophweka. Choncho nyimbo zazitali zimene timamva lero ziyenera kuti zinakula pang'onopang'ono, m'mizinda ndi m'nyumba za amonke, pa zaka mazana ambiri.

Psaltis_wa_ku_Lusaka
Ine ndimapemphera ku tchalitchi cha Chikoputiki kuno ku Lusaka, ndipo ndinadalitsidwa kukhala woyimba, umene ndi udindo woyambirira pa maudindo a madikoni. Za mbiri ndisiyira odziwa, koma ndifotokoze mmene nyimbozi zimakhalira mkati mwa tchalitchi, chifukwa pa kanema simungazione zonse.

Choyamba, palibe mawu anayi monga m'makwaya athu. Aliyense amayimba mzere umodzi womwewo, wansembe, madikoni ndi mpingo. Palibe limba, palibe ng'oma, palibe gitala. Zida ndi ziwiri zokha, zinganga zing'onozing'ono zachitsulo zoombanitsa ndi kachitsulo ka ngodya zitatu, ndipo ntchito yake ndi kusunga liwiro kuti tonse tiyendere pamodzi. Madikoni amaima mbali ziwiri kutsogolo kwa malo opatulika, gulu la kumpoto ndi gulu la kumwera, n'kumalandizana ndime.

Chachiwiri, mawu amodzi omwewo amakhala ndi chuni chosiyana malinga ndi nyengo. Pali cha masiku wamba, cha chikondwerero, cha mwezi wa Kiahk pamene tikudikira Khirisimasi, cha Lenti, cha Lamulungu la Kanjedza ndi cha chisoni. Munthu wokulira mumpingowu akangolowa pakhomo amadziwa nyengo ya chaka ndi khutu lokha. Ngakhale masiku a pa mlungu ali ndi zawo: kuyambira Lamulungu mpaka Lachiwiri timayimba m'chuni chotchedwa Adam, ndipo kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka m'chuni chachitali chotchedwa Watos.

Mtima wa zonsezi ndi Tasbeha, matamando a pakati pa usiku. Muli nyimbo zinayi za m'Malemba: ya Mose, Salimo 136, nyimbo ya anyamata atatu m'ng'anjo ya moto, ndi Masalimo 148 mpaka 150, kenaka nyimbo yolemekeza Mariya Namwali ya tsikulo, pakuti tsiku lililonse la pa mlungu lili ndi yake. Pa Mlungu Woyera, guwa limatsekedwa masiku oyambirira, tchalitchi chimavekedwa nsalu zakuda, ndipo pa ola lililonse la mapemphero timabwereza ka 12 nyimbo yopereka mphamvu ndi ulemerero kwa Khristu. Pali nyimbo ina, Pek Ethronos, imene ndi vesi limodzi chabe, Salimo 45:6, lonena za mpando wachifumu wa Mulungu, koma imatenga mphindi pafupifupi 20. Poyamba ndinkadabwa kuti vesi limodzi lichedweranji chotere, koma cholinga chake ndi chakuti munthu akhale pa mawuwo nthawi yaitali mpaka amulowe.

Kwa akuluakulu a mpingo ndinene kuti pamene tikuyimba Golgotha, wansembe amakhala akukulunga chithunzi cha Ambuye m'nsalu pamodzi ndi zonunkhira ndi maluwa pa guwa, monga anachitira Yosefe ndi Nikodemo. Mawu ake ndi a pa Mtanda ndi a wachifwamba wolapa uja. Palibe amene amaganiza za Osiris pa nthawi imeneyo.

Mwana_wa_Embangweni
Bambo Mkulu_wa_Mpingo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma kwathu kuno inayankhidwa kale. M'nthawi ya mmishonale Donald Fraser ku Loudon, kuno ku Embangweni, Akhristu a Chingoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatenga mayimbidwe a makolo awo n'kuikamo mawu a Uthenga Wabwino, ndipo nyimbo zimenezo zikuyimbidwabe m'matchalitchi a kumpoto. Ngati Mwejipito wotembenuka mtima analira maliro a Ambuye ndi kaliridwe kamene anakulira nako, sanachite chachilendo.

Mkulu_wa_Mpingo
Pamenepo ndamva, ngakhale ndikanakonda kuti amene amalemba pansi pa makanemawo azitchula Khristu kuposa Farao.

Ndinaphunzira_ku_Azhar
Ine ndine Msilamu, ndipo ndinakhala ku Cairo pa maphunziro, kumene ndinali ndi anansi a Chikoputiki amene anandilemekeza ndipo nanenso ndinawalemekeza. Ndikupempha kuti tisaiwale mtundu wachinayi pa nkhaniyi. Aarabu analowa mu Egypt pakati pa 639 ndi 642, ndipo kuyambira pamenepo Akhristu ndi Asilamu akhala m'midzi imodzi, akulima minda yoyandikana ndi kumva nyimbo zofanana pa ukwati ndi pa maliro. Pofika m'zaka za m'ma 1100 anthu ambiri sankamvanso Chikoputiki, moti mkulu wa mpingo Gabriel ibn Turaik, amene analamulira kuyambira 1131 mpaka 1145, analamula kuti Malemba aziwerengedwanso m'Chiarabu. Nditamva woyimba wawo koyamba, khutu langa linazindikira masitepe a mawu amene timawamva kwa owerenga Qur'an a ku Egypt, aja ogwera pakati pa manotsi a limba, komanso kanjenjemeredwe ka mawu ndi kapumidwe kake. Sindikunena kuti nyimbozo ndi za Chiarabu, koma pakhosi pamene zikutulukira ndi pa Mwejipito wa lero.

Nile_ndi_Shire
Akoputiki ambiri amanena kuti ndi Aarabu amene anatengera kwa iwo, popeza anawapeza akuyimba kale.

Ndinaphunzira_ku_Azhar
Zimenezo ndinazimvanso kumeneko, ndipo sindikuzitsutsa, chifukwa Asilamu ambiri a ku Egypt ndi zidzukulu za Akhristu omwewo, ndipo munthu akasintha chipembedzo sasintha khutu tsiku lomwelo. Anthu amene akhala pamodzi zaka pafupifupi 1400 amabwerekana mbali zonse ziwiri.

Chitsime_cha_Mbiri
Ndikugwirizana ndi a ku Azhar, ndipo ndionjezere kuti kufotokoza kwakale komveka bwino kwa mayimbidwe a mpingowu kunalembedwa m'Chiarabu. Wansembe wa ku Cairo, Abu al-Barakat ibn Kabar, amene anamwalira mu 1324, analemba buku lalikulu la miyambo ya mpingo mmene anafotokoza mitundu ya chuni ndi nyengo zake. Kuchokera pamenepo tikudziwa kuti dongosolo la nyengo limene a Psaltis afotokoza linalipo kale zaka 700 zapitazo, ndipo pa nyimbo yosungidwa pakamwa umenewo ndi ukalamba waukulu.

NaPhiri_Joni
Pepani pokudulani. Kuno ku Johannesburg ndimaona abale a ku Ethiopia atavala zoyera pa zikondwerero zawo, akuyimba ndi ng'oma zazikulu ndi kuvina mwaulemu atagwira ndodo. Ndinkamva kuti iwonso ndi Akoputiki. Nanga bwanji a Psaltis akuti kulibe ng'oma?

Psaltis_wa_ku_Lusaka
Mayi, chikhulupiriro ndi chimodzi koma mipingo ndi iwiri. Episkopi woyamba wa ku Ethiopia, Frumentius, anadzozedwa ndi Athanasius m'zaka za m'ma 300, ndipo kuyambira pamenepo mpingo wa ku Ethiopia unali pansi pa mpingo wa ku Egypt mpaka mu 1959, pamene Papa wa Akoputiki, Cyril VI, anawadzozera mtsogoleri wawowawo woima payekha. Koma nyimbo zawo ndi zawo, za m'chilankhulo cha Ge'ez, ndipo amati anaziyambitsa ndi Yared wa ku Aksum m'zaka za m'ma 500. Ali ndi ng'oma yotchedwa kebero, ali ndi maseche achitsulo, alinso ndi zizindikiro zawo zolembera nyimbo.

Chitsime_cha_Mbiri
Ndipo chochititsa chidwi n'chakuti maseche achitsulo amenewo ndi ofanana ndi amene ansembe a Hathor ndi Isis ankagwedeza m'makachisi a ku Egypt. Chida cha Afarao chinatsalira ku Ethiopia, pamene m'matchalitchi a ku Egypt mulibe. Zakale zimapulumuka m'njira zosayembekezeka, n'chifukwa chake ndikuti tisamaganize kuti chilichonse chakale chinayenda mzere umodzi wowongoka.

MphunzitsiWaKwaya
Zikomo nonse, koma tibwerere ku mbali yachiwiri ya funso langa. Ngati panalibe manotsi, ndani ankasunga nyimbo zazitali chotere, ndipo tikudziwa bwanji kuti sanazisinthe?

Woona_ndi_Khutu
Funso limeneli likundikhudza ine makamaka, chifukwa ndine wosaona ndipo ndimaphunzitsa ana osaona. Ndinauzidwa kuti mu mpingo umenewu ntchito yosunga nyimbo inali m'manja mwa anthu onga ine. Ndikufuna kudziwa ngati zili zoona, ndiponso ngati unali ulemu kapena kungowapezera chochita.

Chitsime_cha_Mbiri
Ndi zoona, bambo. Tchalitchi chilichonse chinkakhala ndi mphunzitsi wa nyimbo, amene amamutcha mu'allim, ndipo kwa zaka zambiri aphunzitsi amenewa ankakhala osaona, popeza anthu ankakhulupirira kuti iwo ndi amene angaloweze nyimbo zochuluka chotere popanda kusokoneza. Mwana ankakhala pamapazi pa mphunzitsi, mphunzitsi ankayimba kachigawo akumenya dzanja pa bondo, mwana n'kubwereza mpaka atakagwira, ndipo kenaka ankapita ku kachigawo kena. Pa funso lanu lachiwiri, zonse ziwiri zinalipo. Ambiri mwa iwo anali osauka ndipo ankadalira mphatso za mpingo, koma pa nkhani ya nyimbo ngakhale wansembe ankawamvera. Mpingowu uli ndi chitsanzo chakale cha Didymus, amene anasiya kuona ali mwana koma anatsogolera sukulu yotchuka ya zaumulungu ya ku Alexandria m'zaka za m'ma 300, ndipo sukulu ya oyimba osaona ku Cairo inatchedwa dzina lake.

Wamkulu mwa aphunzitsi amenewa m'nthawi yathu anali Mikhail Girgis el-Batanouny, amene anabadwa mu 1873 n'kumwalira mu 1957. Iye anali woyimba wa tchalitchi chachikulu cha ku Cairo ndi mphunzitsi wa ophunzira za unsembe, ndipo anakonzanso zoti Chikoputiki chizilembedwa m'zilembo za Braille. Nkhani yake ikukumana ndi ya Ragheb Moftah, mwana wa banja lolemera la Chikoputiki, wobadwa mu 1898, amene anapita ku Germany kukaphunzira zaulimi koma anabwerera ndi mantha akuti nyimbo za mpingo wake zidzafa pamodzi ndi okalamba. Anagwiritsa ntchito chuma chake kuitana woyimba wa ku England, Ernest Newlandsmith, ndipo kuyambira 1927 mpaka 1936 ankakhala m'bwato pa Nile, mphunzitsi Mikhail akuyimba ndipo Newlandsmith akulemba manotsi, mpaka anadzaza mabuku 16. Mu 1954 kunatsegulidwa Institute of Coptic Studies ku Cairo, Moftah anakhala mkulu wa gawo la nyimbo, ndipo anayamba kujambula mawu a oyimba pa matepi ndi kuphunzitsa kwaya ya madikoni. Anagwira ntchitoyi mpaka anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 102, ndipo zimene anasonkhanitsa zikusungidwa ku Library of Congress ku Washington.

Woona_ndi_Khutu
Ndithokoze kwambiri. Ana anga a sukulu ndidzawauza za mphunzitsi Mikhail, chifukwa kawirikawiri amangomva za osaona amene anathandizidwa, osati za osaona amene mpingo wonse unawadalira.

MphunzitsiWaKwaya
Pamenepa pabuka funso lina limene likundivuta monga mphunzitsi. Ngati zojambulidwa zambiri zinachokera kwa munthu mmodzi ndi ophunzira ake, ndiye kuti zimene timamva lero ndi mayimbidwe a ku Cairo a m'zaka za m'ma 1900. Nanga a m'midzi ya kumwera kwa Egypt ankayimba chimodzimodzi?

Chitsime_cha_Mbiri
Mwafika pa bala lenileni, aphunzitsi. Ntchito yogwirizanitsa nyimbo inayamba Moftah asanabadwe. Papa Cyril IV, amene analamulira kuyambira 1854 mpaka 1861 ndipo amatchedwa tate wa kukonzanso, anapeza kuti nyimbo zambiri zayamba kuiwalika, choncho anatuma mphunzitsi Takla kuti azisonkhanitse kwa oyimba a madera osiyanasiyana ndi kuziika m'dongosolo. Amene anaphunzitsa Mikhail anali ophunzira a Takla, ndiye kuti mzere wa mayina odziwika umabwerera mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo kuseri kwake kuli aphunzitsi amene mayina awo sanalembedwe. M'nthawi yomweyo katchulidwe ka Chikoputiki kanasinthidwa kuti kafanane ndi ka Chigiriki cha masiku amenewo, ndipo nyimbo zina za mpingo wa Chigiriki zinalandiridwa. Katchulidwe kakale kanatsalira m'midzi ina ya kumwera, ndipo Emile Maher Ishak anakafufuza pa maphunziro ake ku Oxford m'zaka za m'ma 1970. Makaseti atafalikira, dikoni aliyense anayamba kudziyesa ndi zojambulidwa za ku Cairo, ndipo mayimbidwe a kumidzi anayamba kuonedwa ngati olakwika. Ntchito imene inapulumutsa nyimbo ndi yomwenso inachepetsa kusiyanasiyana kwake.

Palinso phunziro kwa a Nile_ndi_Shire pa zimene Newlandsmith anachita. Iye ankakhulupirira kwambiri kuti pansi pa nyimbozi pali chuni cha Afarao, choncho polemba ankasiya zokometsera zonse za mawu poganiza kuti ndi zinyalala za Chiarabu. Patapita zaka, mayi wa ku Hungary, Margit Tóth, anamvetseranso zojambulidwa n'kulemba kakhotedwe kalikonse ka mawu osataya kanthu, ndipo Misa yonse ya Basil Woyera inasindikizidwa ndi manotsi ake ku Cairo mu 1998. Amene ankafunafuna Farao anataya gawo la zimene Akoputiki enieniwo ankayimba.

Nile_ndi_Shire
Ndamva zonsezi ndipo ndikuzilemekeza, koma ine ndikhalabe ndi maganizo akuti kulira kwa maliro sikusintha msanga mwa anthu, ndipo Golgotha ndi nyimbo ya maliro. Moftah mwiniwake ankakhulupirira kuti muli za Afarao, ndipo iye anamva oyimba amene ife sitidzawamva.

Chitsime_cha_Mbiri
Ankakhulupiriradi, ndipo pa nyimbo za maliro ndi pamene ganizo lanu lili ndi mphamvu kuposa pena paliponse. Ine ndingavomere mawu akuti mwina, koma osati akuti zatsimikizika.

NaPhiri_Joni
Ndili ndi funso lina kwa a Psaltis. Mwatchula madikoni ndi aphunzitsi aamuna okhaokha. Akazi amayimba pati, nanga achinyamata amene samva Chikoputiki sakuzitaya nyimbozi?

Psaltis_wa_ku_Lusaka
Amene amavala mikanjo yoyera ndi kuima kutsogolo ndi amuna ndi anyamata, koma mayankho a mpingo amayimbidwa ndi onse, ndipo m'nyumba za masisitere Tasbeha yonse imayimbidwa ndi akazi. M'makalasi a nyimbo atsikana amaphunzira pamodzi ndi anyamata m'matchalitchi ambiri, ndipo nkhani yoti apatsidwe malo ooneka ikukambidwa, makamaka ku America, ku Britain ndi ku Australia. Palinso nyimbo zauzimu za Chiarabu zotchedwa taranim, zimene zimayimbidwa pa misonkhano ya achinyamata ndi zida zamakono, koma nyimbo zakale sizinasiyidwe chifukwa cha izo. M'nthawi ya Papa Shenouda III, kuyambira 1971 mpaka 2012, sukulu za Lamulungu zinalimbikitsa ana kuziphunzira, ndipo lero mwana amatsegula foni n'kumva mphunzitsi Ibrahim Ayad akuyimba kachigawo ndi kachigawo. Pokumbukira timagwiritsa ntchito timizere totchedwa hazzat, tolembedwa pambali pa phatikizo posonyeza kuti mawu agwedezeke kangati, koma timizereto sitingaphunzitse munthu amene sanaimvepo nyimboyo.

Vuto limene ife a kuno timakumana nalo ndi la chilankhulo. Mawu akamasuliridwa m'Chingerezi, chuni chimasungidwa, koma malo amene lembo la liwu liyenera kutalikitsidwa nthawi zina amagwera pa phatikizo lolakwika. Ine ndimaona kuti Chinyanja chikhoza kukwanira bwino, chifukwa maphatikizo athu onse amathera pa lembo la liwu, ngakhale mawu athu ndi aatali ndipo angafune munthu wodziwa zonse ziwiri kuti awagoneke bwino pa chuni.

MphunzitsiWaKwaya
Imeneyo ndi ntchito imene ndingakonde kuiyesa ndi kwaya yanga, osati kuti tiyimbe m'mapemphero athu, koma kuti oyimba anga aphunzire kupuma bwino ndi kuyimba mzere umodzi mogwirizana. Ndiyambire pa nyimbo iti?

Psaltis_wa_ku_Lusaka
Musayambire pa Golgotha kapena Pek Ethronos, chifukwa zimafuna munthu amene wazolowera kale masitepe a mawu amene kulibe pa limba. Yambani ndi Epouro, nyimbo yopempha mtendere kwa Mfumu ya mtendere, m'chuni chake chachifupi, kenaka nyimbo yachiwiri ya Tasbeha, ya Salimo 136, imene ili ndi mawu obwerezabwereza oyenera magulu awiri. Musazilembe m'solofa poyamba, chifukwa mukatero mudzawongola malo amene sayenera kuwongoka. Oyimba amve n'kubwereza, ndipo mmodzi azisunga liwiro ndi zinganga. Ngati mungathe kufika ku tchalitchi cha Chikoputiki, kuno ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, nthawi yabwino ndi mwezi wa Kiahk, umene umayamba pa 10 kapena pa 11 Disembala kulowera ku Khirisimasi ya pa 7 Januwale. Funsani kwa wansembe za matamando a Loweruka usiku, ndipo mukonzekere kuima maola angapo.